Mavuto a m'magulu a masewera a nthano a pa tebulo

Masewera a nthano a pa tebulo, omwe pa Chingerezi amatchedwa tabletop role-playing games, ndi masewera amene anthu amakhala mozungulira tebulo n'kumaluka nthano pamodzi. Wosewera aliyense amatenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nthanoyo. Wotsogolera amafotokoza malo, adani ndi zochitika, ndipo madayisi amagamula ngati zimene wosewera akuyesa kuchita zatheka kapena zakanika. Masewera oyamba a mtundu umenewu kugulitsidwa anali Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America.

Kawirikawiri gulu limakhala ndi osewera anayi kapena asanu ndi wotsogolera mmodzi, ndipo nthano imodzi imatha kutenga miyezi ngakhale zaka. Chifukwa cha zimenezi, zambiri zimene osewera amalakalaka zitasintha m'magulu awo zimakhudza khalidwe la anthu ndi mgwirizano wawo kuposa malamulo a m'buku.

Nthawi yokumana

Dandaulo lofala kwambiri ndi la kusowa tsiku loti onse apezeke. Kukumana kamodzi kumatenga maola atatu kapena anayi, ndipo munthu mmodzi akajomba, nthano imaima chifukwa mbali yake imasowa woitenga. Ntchito, ana ndi kusamuka zimachititsa kuti nthano zambiri zifere panjira.

Mu 2007, Ben Robbins anafotokoza njira imene anaitcha West Marches. Gulu lake linali la anthu pakati pa 10 ndi 14, linalibe tsiku lokhazikika, ndipo osewera okha ndiwo ankapangana tsiku ndi malo a m'nthano amene akufuna kukafufuza. Amene apezeka ndiwo ankasewera. Magulu ena amakumana pa intaneti pogwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Roll20, yomwe inayamba mu 2012, kapena Foundry VTT ya mu 2020. Njira imeneyi inafala kwambiri pa nthawi ya mliri wa COVID-19.

Mtolo wa wotsogolera

Wotsogolera ndi amene amawerenga mabuku a malamulo, kukonza mapu, kuganizira adani, ndipo nthawi zambiri ndi yemwenso amakumbutsa anzake za tsiku lokumana. M'magulu ambiri munthu mmodzi amasenza udindo umenewu kwa zaka osapeza mpata wosewerako ngati anzake, mpaka kutopa nawo. Vutoli linakula pulogalamu ya Critical Role itayamba kuonetsedwa mu 2015. Pulogalamuyi inkatsogoleredwa ndi Matthew Mercer ndipo osewera ake anali akatswiri a zisudzo za mawu, choncho oonera ena anayamba kuyembekezera luso lomwelo kwa mnzawo wongochita mongodzipereka.

Masewera ena anakonzedwa kuti achepetse mtolowu. Ars Magica, ya mu 1987, imalola osewera kusinthana udindo wotsogolera, pamene Fiasco, imene Jason Morningstar anatulutsa mu 2009, ilibe wotsogolera n'komwe.

Kusiyana kwa zokonda

Anthu okhala pa tebulo limodzi safuna zinthu zofanana. Wina amasangalala ndi nkhondo, wina ndi kuyankhula ngati munthu wa m'nthano, wina anangobwera kudzacheza. M'buku lake la mu 2002 lotchedwa Robin's Laws of Good Game Mastering, Robin D. Laws wa ku Canada anagawa osewera m'mitundu isanu ndi iwiri pofuna kuthandiza wotsogolera kupatsa aliyense gawo lomukomera. Madandaulo ena a m'gulu ili ndi a wosewera wolankhula yekha osapatsa anzake mpata, wokonda kutsutsana za malamulo pakati pa masewera, wosaphunzira luso la munthu amene akumuimira, ndi wongoyang'ana pa foni mpaka nthawi yake itakwana.

Malire pa nkhani zowawa

Nthano zimatha kufika pa nkhanza, kuzunza anthu kapena zogonana, zomwe zingakhumudwitse ena. Mu 2003, Ron Edwards analongosola m'buku la Sex and Sorcery mitundu iwiri ya malire: nkhani zosaloledwa kulowa m'nthano, ndi nkhani zimene zingachitike koma osazifotokoza mwatsatanetsatane. John Stavropoulos anayambitsa X-Card, kakhadi kolembedwa X kamene kamaikidwa pakati pa tebulo. Aliyense akakagwira, nkhaniyo imasinthidwa popanda kumufunsa chifukwa. Osewera ena satsatira njirazi ponena kuti mabwenzi odziwana sazifuna, koma zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa misonkhano ikuluikulu pamene anthu osadziwana amasewera limodzi.

Kukambirana nthano isanayambe

Njira yomwe imakhudza mavuto onsewa ndi mkumano woyambirira wotchedwa session zero. Pa tsikuli gulu silisewera, koma limagwirizana za masiku okumana, chochita wina akajomba, mtundu wa nthano, malire ake, ndi amene abweretse chakudya. Kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inaika malangizo a mkumano wotere m'buku la Tasha's Cauldron of Everything la mu 2020.

Ngakhale zili choncho, mavuto ena amavuta kuwatchula chifukwa osewera amakhala mabwenzi, achibale kapena ogwira ntchito limodzi, ndipo kudzudzula mmodzi kungawononge ubale wa kunja kwa masewera. Kukambirana kukakanika, gulu limapempha munthuyo kuti achoke, apo ayi limatha, osewera n'kukayamba lina.