Msundwe: zigafa zikuchepa, masikelo akuchuluka

Ukatchula Msundwe kwa munthu wakutali amakumbuka 2019: msewu wotsekedwa ndi miyala, wapolisi amene anaphedwa mu Okutobala chaka chimenecho, ndi amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene bwalo lalikulu mu 2020 linalamula kuti apatsidwe chipepeso atachitidwa nkhanza ndi apolisi. Bala limenelo silinapole. Komabe kukacha, malo ano, omwe ali pa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ndi msika wotentha.

 Kale ntchito yaikulu kuno inali m'chigafa. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, midzi yonse mpaka ku Nsaru ndi Kabudula inali kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ku Kanengo. Malata, ngolo ndi magolosale ambiri akalewa anachokera m'menemo. Kenako feteleza anakwera mtengo, makampani anayamba kukonda alimi a pakontirakiti, ndipo ADMARC inasiya kukhala msika wodalirika. Zigafa zambiri zinagwa osadzutsidwanso.

Zimene zadzutsa Msundwe ndi soya ndi mtedza, kuphatikizapo mtundu wa CG7 wochokera ku Chitedze, pa msewu womwewu. Fikani nthawi yokolola mudzaone. Mavenda amapachika masikelo m'makhonde, amayi amatula ndowa za mtedza wosenda, anyamata a kabaza amamanga matumba awiri kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo owotcherera zitsulo sapuma magetsi akakhalapo. Madzulo malole amakhala atadzaza.

Chondiwawa n'chakuti zonsezi zimachoka zosakonza. Mlimi wopanikizika ndi fizi amagulitsa soya wake msanga, nthawi zina pa mtengo wosafika umene boma lalengeza, pa sikelo imene sangathe kuitsutsa. Soya yemweyo akapsinyidwa m'tauni, amabwerera ngati mafuta ophikira m'botolo, mlimi n'kugula modula.

Kumpoto kwa kuno, ku Kasiya, kampani ya Sovereign Metals ikukonzekera kukumba rutile ndi graphite, ndipo achinyamata akutchera khutu. Ine ndikadakonda kuti mgodiwo usanayambe, makopaletivu a kuno akhale ndi nyumba zosungiramo mbewu ndi makina oyengera mafuta, kuti mlimi azitha kusunga soya wake mpaka Novembala.