Otola Malambe ndi Oyenga Mafuta Odzola m'Maboma a Machinga ndi Balaka

Mafuta ochokera ku zomera amene anthu amadzola pakhungu alipo a mitundu iwiri, ndipo kayengedwe kake n'kosiyana. Mtundu woyamba ndi mafuta afungo, amene amatchezedwa ndi nthunzi kuchokera ku masamba, maluwa kapena thabwa la mitengo monga bulugama ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo ndi aukali kotero kuti akhoza kuwotcha khungu akapakidwa okha. Mtundu wachiwiri ndi mafuta osungunulira, amene amafinyidwa ku njere zonona monga za malambe, chammwamba, nsatsi, chitowe ndi mtedza, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa ukali wa mafuta afungo aja ndi kuwamwaza pathupi. Pa chithandizo chogwiritsa ntchito fungo la zomera, chimene katswiri wa ku France, René-Maurice Gattefossé, anachitchukitsa ndi buku lake la mu 1937, mafuta afungo kawirikawiri sapitirira magawo 3 pa 100 alionse a msakanizo wotikitira thupi, kutanthauza kuti pafupifupi zonse za m'botolo ndi mafuta osungunulira. Malonda a mafuta amenewa ndiwo apezetsa ntchito anthu ena a m'maboma a Machinga ndi Balaka, amene anali boma limodzi kufikira 1998, ndipo chigwa chawo chotentha cha mtsinje wa Shire chimayanjana ndi mlambe, nsatsi ndi chammwamba.

Luso loyenga mafuta silinabwere ndi makampani. Amayi achiyao, achingoni ndi achinyanja a m'derali ankakazinga njere za nsatsi, n'kuzisinja mumtondo, n'kuziwiritsa mumphika wa madzi mpaka mafuta atayandama, kenaka n'kuwayengula ndi kuwasunga m'nsupa, kachipanda kakang'ono kosungiramo mafuta. Mafutawo ankadzoza makanda ndi anamwali otuluka ku chinamwali, komanso ankafewetsa tsitsi ndi ming'alu ya kumapazi. Njere ya nsatsi ili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, koma poizoniyo salowa m'mafuta, amatsalira m'zinyenyeswa zake, ndipo kutentha kwa moto kumamufooketsa, choncho kuwiritsa kuja kunali chitetezo ngakhale kuti oyengawo sankakufotokoza m'mawu a sayansi. Vaseline ndi gilisalini zitafika m'magolosale a m'midzi, nsupa inayamba kusowa m'nyumba zambiri, ndipo luso linatsalira kwa amayi achikulire ndi asing'anga.

Chimene chinasintha mbiri ya mlambe ndi msika wa kunja. Bungwe la PhytoTrade Africa, lokhazikitsidwa mu 2001 kuti litukule malonda a zinthu zam'chilengedwe za kum'mwera kwa Africa, linatsogolera pempho limene linachititsa kuti mu 2008 mayiko a European Union alole ufa wa malambe kugulitsidwa ngati chakudya, ndipo kampani ya TreeCrops ya ku Lilongwe inali imodzi mwa makampani oyamba kutumiza ufawo kunja kuchokera m'Malawi. Ufa ukachotsedwa pamatsala mulu wa njere, zimene kale zambiri zinkangotayidwa kudzala, ndipo njere zimenezo ndizo gwero la mafuta a malambe amene lero amapezeka m'zodzoladzola za ku Ulaya.

Ntchito yolemetsa kwambiri ili pachiyambi. Malambe amakhwima mvula ikatha, kuyambira cha mu Epulo mpaka m'miyezi yozizira, ndipo abambo ndi anyamata amawagwetsa ndi mitengo yaitali kapena kukwera mlambewo poponda zikhomo zokhomedwa pathunthu lake loterera, ntchito imene yavulaza anthu chifukwa chikhomo chimazuka msanga pa thabwa lofewa la mlambe. Mtengo wa m'munda ndi wa mwini munda, pomwe wa m'tchire la mudzi amatola aliyense wofika msanga, ndipo mpikisano umenewu umachititsa ena kugwetsa zipatso zosakhwima, zimene ufa wake ndi wachinyontho ndipo njere zake zili ndi mafuta ochepa. Milambe yambiri ya m'nkhalango yosungira nyama ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, ili m'kati mwa mpanda ndipo munthu sangakatoleko mwachisawawa. Zipatso zikafika pakhomo, amayi ndi ana ndiwo amaswa zikamba, kusinja pang'onopang'ono kuti ufa ulekane ndi njere, kusefa, kutsuka njere ndi kuziyanika.

Pa gawo lomweli ndi pamene ubwino wa mafuta umakhazikika kapena kuonongeka. Njere yosauma bwino, kapena yosungidwa m'thumba pansi pa chinyontho, imachita chuku, ndipo mafuta ake amatuluka ndi asidi wochuluka n'kuyamba kununkha msanga, vuto limene palibe makina angalikonze popanda kuwayeretsa ndi mankhwala, pomwe ogula zodzola zachilengedwe amafuna mafuta osayeretsedwa. Komatu mavenda ogula m'misika monga ya Phalula, Ulongwe ndi Liwonde amayeza ndi ndowa kapena thumba, osati ubwino wa katundu, moti mayi amene wayanika njere pathandala masiku angapo amalandira mofanana ndi amene wangozikokolola pansi. Pamene mtengo sulekanitsa wosamala ndi wosasamala, n'zosadabwitsa kuti kusamala kumachepa. Ndiponso ambiri mwa malambe ogulidwa pamsewu sapita kofinyidwa mafuta konse. Amathera ku Blantyre ndi ku Lilongwe kopanga zakumwa ndi mafilizesi, ndipo njere zake zimatayidwa kumeneko.

Ofinya mafuta ndi ochepa poyerekeza ndi otola. Amagwiritsa ntchito makina okhala ndi chitsulo chozungulira chimene chimapanikiza njere popanda kuziwotcha, ndipo woyendetsa makinawo ayenera kuyang'anira kutentha kwake chifukwa kukakwera mafuta amada ndi kutaya zina mwa zofunika zake. Njere ya malambe ili ndi khungu lolimba limene limadya zitsulo za makina, ndipo mafuta otulukamo ndi ochepa, kotero kuti thumba lathunthu limapereka malita owerengeka. Chammwamba n'chosavuta, pakuti njere yake ikasendedwa, mafuta amaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndipo sachedwa kulowa pakhungu komanso sasasa msanga, n'chifukwa chake opanga mafuta onunkhira akhala akuwakonda kuyambira kalekale. Mafuta a malambe ali ndi timaasidi tina, monga sterculic ndi malvalic, timene akatswiri amatikayikira pa chakudya, choncho malo ake oyenera ndi pakhungu ndi m'tsitsi, osati mundiwo.

Magulu a m'midzi ndi makopaletivi amene ayesa kufinya okha, ena molimbikitsidwa ndi ndondomeko ya One Village One Product imene boma linayambitsa mu 2003 mothandizidwa ndi dziko la Japan, amakumana ndi zopinga zomwe sizikhudza luso la manja. Magetsi amathimathima, mpamba wogulira njere za chaka chonse m'miyezi yochepa ya zokolola ndi waukulu kuposa umene banki m'khonde ingabwereketse, mabotolo akuda oteteza mafuta ku dzuwa sapezeka mosavuta, ndipo chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chimene masitolo akuluakulu amafuna asanalandire katundu, chimalira nyumba yogwiriramo ntchito yaukhondo ndi ndalama zoyezetsera. Wogula wa kunja amawonjezerapo umboni woti mbewu sizinathiridwe mankhwala ndi kaundula wosonyeza mudzi umene thumba lililonse lachokera.

Kumapeto kwa mndandanda kuli osakaniza ndi ogulitsa, ambiri mwa iwo amayi ndi achinyamata a m'matauni, amene amagula mafuta pa lita, n'kuthiramo madontho a mafuta afungo, n'kupanga sopo ndi zodzola zimene amatsatsa pa WhatsApp ndi Facebook, komanso otikita thupi m'malo ogona alendo a ku Liwonde ndi kunyanja. Phindu lalikulu pa botolo limatsalira kwa iwowa ndi kwa makampani otumiza kunja. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene dziko la Malawi linalivomereza, limafuna kuti eni zachilengedwe ndi eni nzeru zamakolo azigawiridwa phindu, koma kuti gawolo lifike kwa mayi woyanika njere ku Utale kapena ku Ntaja, pafunika kuti dzina la gulu lake lilembedwe pa mgwirizano wa malonda, ndipo malambe ogulidwa pa ndowa m'mbali mwa msewu salembedwa paliponse.