Mmisiri Amene Amadetsa Peyala ndi Khungu

Dulani peyala pakati, mulisiye m'mbale. Pobwera kotunga madzi mupeza pamwamba pake pada. Ambiri amalitaya, ati laola. Silinaole ayi! Zimandiwawa kuona chakudya chabwinobwino chikupita kudzala chifukwa cha maonekedwe okha.

Chachitika n'chakuti mpeni wang'amba timaselo ta chipatsocho. M'timaselomo muli enzaimu, kammisiri kofulumizitsa ntchito, kamene kamakhala m'chipinda chakechake, kutali ndi zipangizo zake. Makoma akagumuka zonse zimakumana, mpweya wa okosijeni n'kulowerera, basi utoto wodera wayamba kupangika. M'zomera mmisiriyu amatchedwa polyphenol oxidase. Mwa ife anthu muli m'bale wake, tyrosinase, dzina limene Gabriel Bertrand wa ku France anapereka mu 1896 atamupeza mu bowa. Aliyense wa awiriwa amanyamula maatomu awiri a kopa, ndipo popanda kopayo ntchito siyenda.

Amayi athu mankhwala ake anawadziwa kalekale. Kachewere akamusenda amamuponya m'madzi kuti mpweya usamufike. Kuwawasa kwa mandimu ofinyira pa peyala kumamufoola mmisiriyu, ndipo moto umamupheratu. Koma m'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amachita kumupatsa mpata dala: masamba amawaphwanya n'kuwasiya adere kaye asanawaumitse. Mtundu wa tiyi wam'kapu mwanu unachokera pamenepo.

Pakhungu, tyrosinase ndiye amayambitsa ntchito yopanga melanin, utoto umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso n'kumatitchinjiriza ku dzuwa. Mzungu ndi munthu wakuda ali ndi maselo opanga utotowu ochuluka pafupifupi mofanana. Chosiyana ndi kuchuluka kwa utoto umene maselowo amatulutsa. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone amamanga manja mmisiriyu, ndipo wodzolayo amakhala akusasula yekha denga limene limamuteteza.

Nanga mwana wachialubino? Iyeyo anatengera kwa bambo ndi mayi omwe, onse awiri, chibadwa cholepheretsa thupi kupanga melanin wokwanira. Tsono tisamaloze chala mayi yekha. Kuno ku Africa, kawirikawiri tyrosinase amakhalapo, koma chosokonekera ndi puloteni ina yomuthandiza. Si tsoka, si temberero, ndipo m'mafupa mwake mulibe chizimba chilichonse. Mwanayo mugulireni chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta omuteteza ku dzuwa.