Mphasa ya Gofu Yosapweteka Mafupa

Pabwalo la gofu, ndodo ikatsika kumenya mpira imakumba kadothi, ndipo nthaka yofewayo imameza mphamvu yake. Koma munthu akamayeserera kunyumba pamphasa yopyapyala yoyalidwa pasimenti, kugunda konseko kumabwerera m'dzanja, m'chigongono ndi m'phewa, kufikira misempha itatupa. Chifukwa chake wogula adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha: asankhe mphasa yochindikala, ya udzu wa nayiloni wautali ndi wothithikana, wolola ndodo kulowa pansi pa mpira, yokhala ndi siponji kunsi kwake, aipsinje ndi chala, aone ngati ikubwerera. Pamalo pomenyerapo pakaperepeseka asinthepo msanga, ndipo chigongono chikayamba kuwawa apumule, chifukwa mphasa imagulidwanso, koma msempha wovulala umachedwa kupola.