Nambala Imene Idanyenga Fermat

Lero ndikupemphani kuti mukhale ndi pepala ndi pensulo pafupi, pakuti tikamba za nambala yaitali: 4,294,967,297.

Poyamba tione kumene nambalayi ichokera. Lembani 2, ndipo muichulukitse ndi iyo yomwe, mupeza 4. Chitani chimodzimodzi ndi 4, mupeza 16. Kenaka 256, kenakanso 65,536, ndipo potsiriza 4,294,967,296. Tsopano onjezani 1 pa iliyonse, kuyambira pa 2 yoyamba ija. Mukhala ndi 3, 5, 17, 257, 65,537, ndiponso nambala yathu ya lero.

Zisanu zoyambazo zili ndi khalidwe limodzi: palibe nambala ina imene ingazigaŵe popanda chotsala, kupatula 1 ndi izo zokha. Nambala zotere tizitcha zosagaŵika. Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse m'dziko la France, amene ankachita masamu panthaŵi yopuma, adaona zimenezi, ndipo m'chaka cha 1640 adalembera anzake kuti akhulupirira kuti nambala zonse za mtundu umenewu nzosagaŵika. Umboni analibe, ndipo sadabise. Tisamuweruze msanga: munthu woyesa mwachimbulimbuli akadayenera kugaŵa nambala yathuyi ndi nambala zosagaŵika 6,542 asananene motsimikiza kuti siigaŵika, ndipo zonsezo ndi dzanja.

Padapita zaka 92. Mu 1732 Leonhard Euler, mnyamata wa ku Switzerland wa zaka 25 amene ankagwira ntchito ku St Petersburg, adalengeza kuti 641 imaigaŵa bwinobwino. Pambuyo pake adaonetsa njira yofupikitsira ntchitoyo, ndipo kwa ine apa mpamene pagona kukoma kwa nkhaniyi. Adatsimikiza kuti nambala yosagaŵika iliyonse yogaŵa 4,294,967,297 iyenera kusiya 1 ikagaŵidwa ndi 64. Tsono zoyesa zichepa kwambiri. Ŵerengani nane: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Mwa izi zosagaŵika ndi zisanu chabe, 193, 257, 449, 577 ndi 641. Zinayi zoyamba zikana, yachisanu itsegula chitseko. Chulukitsani 641 ndi 6,700,417 papepala lanulo, mudzionere nokha. Ntchito yake siitha mphindi zisanu. Nayonso 6,700,417 njosagaŵika, choncho nambala yathu ili ndi makolo aŵiri okhaŵa basi.

Chodabwitsa nchakuti zinthu zidatembenukiratu. Akatswiri, mothandizidwa ndi makompyuta, atsata mzere womwewu masitepe ena 27 kupitirira nambala ya Euler, ndipo iliyonse yapezeka yogaŵika. Kufikira lero palibe amene wapeza nambala ya Fermat yosagaŵika yoposa 65,537, komanso palibe amene watsimikiza kuti kulibenso ina.

Mpaka pulogalamu yotsatira, tsalani bwino.