Tizilombo ta m'mapapo tingathe kukolezera khansa

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti m'mapapo mwa munthu wathanzi simukhala tizilombo. Lero zadziwika kuti timakhalamo, ndipo tambiri timachokera m'kamwa, kutsetsereka ndi timalovu makamaka munthu akagona.

Akatswiri akufuna kudziwa ngati tizilomboti tikukhudzana ndi khansa ya m'mapapo, yomwe malinga ndi bungwe la WHO idapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni padziko lonse mu 2022.

Mu 2019, ofufuza a pasukulu ya MIT ku America adapeza kuti mbewa zoleredwa popanda mabakiteriya m'thupi zinkamera zotupa zochepa m'mapapo poyerekeza ndi zinzake. Mabakiteriya akachuluka amautsa asilikali a m'thupi, mapapo amatupa, ndipo kutupa kosathako ndiko kumathandiza khansa kukula.

Gulu la Dr Leopoldo Segal ku New York nalo lidapeza kuti odwala khansa omwe m'mapapo mwawo mudadzaza mabakiteriya a m'kamwa, monga otchedwa Veillonella, matenda awo amakula msanga.

Koma izi sizikutanthauza kuti Bactrim kapena amoxicillin wogula pamsika angateteze munthu. Mankhwala otere amaphera limodzi tizilombo tabwino. Mu 2018, kafukufuku wa ku France adaonetsa kuti odwala omwe adamwa mankhwala opha mabakiteriya chakumayambiriro kwa chithandizo chodzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa, sadapindule nacho mokwanira.

Kuno kwathu kachilombo kofunika kukasamala kwambiri ndi ka TB. Kamasiya zipsera m'mapapo, ndipo amene adadwalapo TB ali pachiopsezo chachikulu chodwala khansayi kuposa ena.

Vuto lina n'lakuti matenda awiriwa amafanana zizindikiro: kutsokomola kosalekeza, makhololo a magazi, kuonda ndi kupweteka pachifuwa. Wodwala khansa angathe kumwa mankhwala a TB miyezi 6 pomwe chotupa chikukulirakulira.

Choncho ngati m'bale wanu akumwa mankhwala a TB mokhulupirika koma sakupeza bwino, musadikire kuti amalize. Bwererani naye kuchipatala akamuunikenso.

Tisaiwale kuti gwero lalikulu la khansayi ndi kusuta fodya, wa ndudu ngakhale chingambwe. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo nawonso umawononga mapapo.