Kujambula Zithunzi M'mapiri a Dedza

Nkhani yathu ya lero ndi ya zithunzi, makamaka zimene amajambula munthu wamba, amene sadyera ntchitoyi koma amangoikonda. Tikwera limodzi kumapiri a Dedza, pakuti ndaona kuti dera limeneli limaphunzitsa wojambula msanga kuposa malo ena. Kuwala kwake kumasintha kangapo dzuwa lisanafike paliwombo.

Lusoli si lachilendo m'dziko muno. John Kirk, dotolo amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858, ankajambula mitengo, mitsinje ndi nyumba akapeza mpata, ndipo mapiri a Kirk Range, kumwera kwa Dedza, anatchedwa dzina lake. Pambuyo pake Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anaphunzira lusoli nakhala katswiri. Iyeyu ndiye anajambula zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake zimene timaona mpaka lero.

Akuluakulu akumbukira masiku a filimu. Mpukutu umodzi unkalowa zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo ukatha unkapita kutauni kukatsukidwa, mwini wake ali pheee kudikira osadziwa ngati chatuluka n'chiyani. Ine mpukutu wanga woyamba ndinauwononga ndekha: ndinatsekula kamera kumbuyo masanasana kuti ndione ngati anthu alowamodi, ndipo kuwala kunapsereza zonse. Lero kamera ili m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni yamakono, ndipo chithunzi chimaoneka nthawi yomweyo. Komatu filimu inali ndi ubwino wake umodzi. Chifukwa inali yodula, munthu ankayamba wayang'anitsitsa asanadinde. Ambiri a ife tsopano timadinda kakhumi tisanayang'ane n'kamodzi komwe.

Tsono choyamba kuyang'ana ndicho kuwala, chifukwa kamera siona phiri kapena munthu. Imangolemba kuwala kumene kwagwera pa iwo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri lake ili pa mamita 2,198. Mlimi wa ku Bembeke amadziwa kale, popanda womuuza, kuti m'mawa wa mwezi wa Juni nkhungu imagona m'zigwa, kuti imayamba kunyamuka dzuwa likatentha pang'ono, ndi kuti madzulo mithunzi ya mapiri imatalika. Nzeru imeneyi ndiyo yofunika kwa wojambula kuposa mtengo wa kamera yake. Dzuwa likakhala pansi, m'mawa kapena chakumadzulo, limawomba cham'mbali, ndipo mizere ya mbatata ya kachewere, ming'alu ya matanthwe ndi makwinya a pankhope ya agogo zimaoneka bwinobwino. Likakhala paliwombo zonse zimaphwatalala, ndipo maso a munthu amasanduka maenje akuda.

Miyezi nayo ili ndi makhalidwe ake. Mu Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, mpweya umakhala woyera, kotero kuti woima pamwamba pa phiri la Dedza amatha kuona nyanja kum'mawa ndi dziko la Mozambique kumadzulo. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba zakutali, ndipo amene akakamira kujambula nyanja ali pa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti amangopeza chithunzi chotuwa. Nthawi imeneyo ndi bwino kusiya zakutali n'kuyang'ana zapafupi, monga masamba ofiira a mitengo ya mombo ndi tsamba imene imaphuka mvula isanagwe.

Nkhungu imapusitsa kamera, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Kamera iliyonse inapangidwa kuti iziyesa kuwala konse kumene kuli patsogolo pake n'kukufikitsa pakatikati, posawala kwambiri ndiponso posada kwambiri. Ikaona nkhungu yoyera mbee imaganiza kuti kwawalitsa, ndiye imachepetsa kuwala, nkhungu ija n'kuoneka ngati phulusa. Zomwezo zimachitika mukaimika mwana wanu pachitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lowala: thambo limatuluka bwino, nkhope yake n'kuda bii. Mankhwala ake ndi apafupi. Pa foni, gwirani ndi chala pamene pali nkhope kuti kamera iyese kuwala kwa pamenepo, kapena muonjezere kuwala pang'ono ndi kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukira pagalasi. Kapenanso ingosunthani inuyo, kuti kumbuyo kwa mwanayo kukhale phiri kapena mitengo.

Za kuzizira ndingotchula ziwiri. Batire limatha msanga likazizidwa, choncho sungani foni m'thumba la m'kati mwa jekete. Ndipo mukachoka panja pozizira n'kulowa m'khitchini mofunda, diso la kamera limachita nthunzi. Dikirani liume lokha.

Nanga nyama? Musayembekeze njovu kapena mkango m'mapiri amenewa. Muli anyani, nchima m'tinkhalango totsala, mbira m'matanthwe, ndi mbalame zamitundumitundu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbira imatuluka m'mawa kudzaothera dzuwa pamwala, ndipo kawirikawiri imabwerera pamwala womwewo tsiku ndi tsiku. Amene waupeza mwalawo dzulo, nafika lero kusanache, nakhala pansi chete atavala zosawala, adzaijambula ili pafupi. Amene aithamangira adzajambula mwala wokhawokha. Ambiri amakhulupirira kukoka chithunzi ndi zala ziwiri pafoni kuti nyama iyandikire, koma pa mafoni ambiri kuteroko n'kungodula chithunzi n'kuchitambasula, ndipo chimatuluka chosaoneka bwino. Kuli bwino nchima ioneke yaing'ono pakati pa nthambi zooneka bwino kusiyana ndi kuti idzaze chithunzi chonse ili mbuu. Ndipo chonde musanyengerere anyani ndi nthochi kapena chimanga. Inu mudzapita ndi chithunzi chanu, koma nyani wozolowera anthu adzatsala akuvutitsa eni minda ya m'tsinde mwa phiri.

Tiyeni tsopano tisunthire kumpoto kwa boma, ku Chongoni, kumene kuli zithunzi zakale kuposa kamera iliyonse. M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a kumeneko muli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi zozungulira, anajambula Akafula, alenje amene ankakhala kuno kale. Zoyera, za dothi loyera, anajambula Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Malo odziwika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Pano ndipo wojambula angathandize kapena kuwononga. Zofiira zina zinazilala, ndipo pali anthu amene amazithira madzi kuti utoto uoneke pa chithunzi. Madziwo amasungunula mchere wa m'mwala, ndipo ukauma umasiya zoyera pamwamba pa utoto umene wakhala zaka mazanamazana. Ena amakhudza ndi manja a thukuta, ena amalemba maina awo ndi makala pambali pake. Zonsezi n'zosafunika. Utoto wofiira umaoneka bwino pamene mwala wonse uli mumthunzi, kapena tsiku la mitambo. Zimitsani fulashi, chifukwa kuwala kwake kumanyezimira pamwala n'kubisa chimene mukufuna. Tsamirani pa chinthu cholimba kuti dzanja lisanjenjemere, koma osati pakhoma lojambulidwalo. Pitani ndi munthu wa m'mudzi wapafupi wodziwa malowo, mutayamba mwaonekera kwa amfumu. Malo ena akadali opatulika kwa eni ake.

Ulemu womwewo ukufunika pojambula anthu. Mayi wogulitsa kabichi pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1 si mtengo woti mungouloza ndi kamera. Perekani moni, chezani, pemphani, ndipo mukajambula muwaonetse. Akakana, thokozani n'kupitirira. Gule wamkulu ali pabwalo, funsani akuluakulu a mwambo musanatulutse foni. Za kudambwe n'zosayamba n'komwe. Pa chipata cha m'malire ndi pamene pali apolisi, bwezerani foni m'thumba.

Koma kunena zoona, zithunzi zimene ndimadandaula kuti sitijambula ndi za pakhomo pathu penipeni. Timajambula ukwati, chinkhoswe ndi tsiku lolandira satifiketi, aliyense ataima chilili ngati msilikali. Ndani amajambula amayi ake akupeta mphale, ana akuotha moto wa zitsononkho m'mawa wa Julayi, kapena ngolo ikutsika ndi matumba a kachewere? Timati n'zamasiku onse. Komabe amene anaona phiri la Dedza lili ndi mitengo ya paini yothithikana akudziwa kuti mbali zina lero ndi zitsa zokhazokha, ndipo mwana akafunsa mmene linalili, n'ochepa amene angatulutse chithunzi. Sankhani malo amodzi, kaya ndi pakhonde panu poyang'ana phiri, muzijambulapo mwezi womwewo chaka chilichonse. Pakatha zaka khumi mudzakhala ndi umboni woti mungauike patsogolo pa mfumu kapena alangizi a zankhalango.

Umboniwo ungakhalepo pokhapokha mutausunga. Mnzanga wina anali ndi zithunzi zonse za malemu bambo ake m'foni imodzi, ndipo foniyo inagwera m'chitsime. Chaka chilichonse sankhani zisanu kapena khumi zimene zakukhudzani mtima, mupite nazo ku situdiyo akazitsuke papepala. Kumbuyo kwa chilichonse lembani ndi pensulo malo, mwezi, chaka ndi maina a amene alipo; inki ya bolopeni imatha kudutsira kutsogolo. Kenaka ziikeni mu envelopu, m'sutikesi yosafika chinyontho ndi chiswe, pamodzi ndi makalata a munda ndi a sukulu.